MANGANI NYUMBA YOLIMBA POPANDA KUTHA MITENGO

Chaka chilichonse chimanga chikalowa m'nkhokwe, ndipo fodya, soya ndi mtedza zikagulitsidwa, maganizo a mlimi amatembenukira ku nyumba. Kuyambira mwezi wa Juni mpaka Okutobala, munthu woyenda pa msewu wochoka pa Kamphata kupita ku Nkhoma, kapena msewu wa ku Bunda ndi Mitundu, amaona mauvuni a njerwa akufuka utsi m'mbali mwa midzi. Ndi chinthu chonyaditsa kuti alimi akufuna kugona pabwino. Koma ndalama za zokolola zimabwera kamodzi pachaka, ndipo zikalowa m'nyumba yomangidwa molakwika sizibwereranso.

Alimi ambiri amakhulupirira kuti nyumba yabwino ndi ya njerwa zootcha ndi malata basi. Komabe tonse taonapo nyumba zotere zitang'aluka kapena kugwa ndi mvula ya mu Januwale, pamene nyumba ya mdindo ya agogo pafupi pomwepo ili chiimire. Taonanso nyumba za malata zimene mu Okutobala munthu sangakhalemo masana chifukwa cha kutentha, ndipo mu Julayi ana amagona akunjenjemera. Sabata ino tifotokoza chimene chimalimbitsa nyumba, chimene chimaiziziritsa kapena kuifunditsa, ndi njira zomangira zosafuna kuotcha njerwa.

CHIFUKWA CHIYANI TIKUDANDAULA NDI UVUNI?

Luso loumba ndi kuotcha njerwa linafala m'dera lino ndi amishoni. A mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa anafika ku Mvera mu 1889, ndipo mu 1896 anatsegula mishoni ya Nkhoma m'dziko la mfumu Mazengera. Masiku amenewo anthu anali ochepa, nkhalango zinali zowirira, ndipo nkhuni za uvuni umodzi sizinkaoneka kuti zachotsedwa. Lero zinthu zinasintha. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse anali kuphikira nkhuni kapena makala. Mtengo womwewo ukufunidwa ndi mayi wophika, mlimi womanga chigafa cha fodya, wootcha makala ndi wootcha njerwa.

Uvuni sufuna tinkhuni ta m'munda. Umafuna zipika zikuluzikulu zoyaka usana ndi usiku, ndipo mitengo yachilengedwe itatha ena ayamba kugwetsa ngakhale mango amene ana amadya nthawi ya njala. Kampani ina yopanga njerwa zosaotcha, imene inayamba ntchito m'dziko muno mu 2016, inadzitcha dzina loti 14Trees chifukwa inawerengera kuti kanyumba kamodzi ka njerwa zootcha kamadya mitengo 14. Werengani nyumba zatsopano m'mudzi mwanu, muchulukitse ndi 14, ndipo muona kumene mitengo ikupita.

Anthu a ku Mitundu akudziwa bwino za nkhalango ya Dzalanyama. Nkhalangoyi inatetezedwa ndi boma mu 1922, ndi yaikulu mahekitala pafupifupi 99,000, ndipo ndi kumene kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Kudula mitengo kunafika poipa kotero kuti mu 2015 boma linatumizako asilikali kukalondera. Mu 2018 kunatulukanso malamulo, kudzera ku bungwe la National Construction Industry Council, oletsa njerwa zootchedwa ndi nkhuni pa zomangamanga za boma, za mabungwe ndi zamalonda.

Palinso vuto lina limene mlimi amaliona pakhomo pake. Maenje a njerwa amadya nthaka yapamwamba imene ikanabereka chimanga. Dzinja likafika maenjewo amadzaza madzi, udzudzu umaswana, ndipo ana ang'onoang'ono ndi ziweto amagweramo. Komanso si njerwa zonse za mu uvuni zimene zimapsa. Za m'mbali zimatuluka zosapsa bwino, zina zimasweka, kotero mlimi amalipira nkhuni za njerwa zimene sadzamangira.

YAMBANI NDI KUYESA DOTHI

Safunsa anadya phula. Musanaumbe kapena kudinda, lifunseni dothi lanu ngati lingamange nyumba. Chotsani kaye nthaka yakuda yapamwamba, pafupifupi phazi limodzi, muiunjike pambali kuti idzabwerere kumunda. Nthaka imeneyi ili ndi mizu ndi zinyalala zimene zimaola m'khoma. Dothi lomangira ndi la pansi pake. Katondo wofiira amene amapezeka m'madera ambiri a Nathenje, Mitundu ndi Nkhoma nthawi zambiri ndi wabwino, pamene makande a kudambo amafufuma akanyowa ndi kung'aluka akauma.

Njira yoyamba ndi ya botolo. Thirani dothi m'botolo loonekera m'kati kufika pa theka, onjezerani madzi ndi kamchere pang'ono, khutchumulani kwambiri, ndipo muliike pamalo osagwedezeka mpaka mawa lake. Mchenga ndi timiyala zimakhala pansi, dothi losalala pakati, ndipo dongo pamwamba. Dothi labwino ndi limene mchenga ndi timiyala zaposa theka, ndipo dongo silinapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi. Dongo ndi limene limagwira khoma, mchenga ndiwo mafupa ake. Dongo likachuluka khoma limang'aluka, likachepa khoma limanyenyeka.

Njira yachiwiri ndi ya kabokosi. Khomani kabokosi ka matabwa kotalika masentimita 60, mulifupi 4, kuya 4. Pakani mafuta m'kati, dzazani dothi lonyowa, ndipo muumitse pamthunzi masiku 7. Likauma likankhireni mbali imodzi ndi kuyeza mpata umene watsala. Mpata ukapitirira masentimita 6, dothilo lili ndi dongo lambiri ndipo likufunika kusakaniza ndi mchenga musanaligwiritse ntchito.

Njira yachitatu ndi yoyesera madzi pa tsiku la ntchito. Fumbatani dothi lonyowetsedwa, ndipo muligwetse pansi polimba kuchokera pa msinkhu wa pachifuwa. Likamwazika ngati ufa, madzi achepa. Likangophwatalala osasweka, madzi achuluka. Likasweka zidutswa zinayi kapena zisanu, chinyezi chili bwino.

NJIRA ZITATU ZOMANGIRA POPANDA MOTO

Njira yoyamba ndi mdindo, umene anthu a m'chigawo chapakati amaudziwa kuyambira kale. Dothi lachinyezi limathiridwa pakati pa matabwa awiri ndi kusinjidwa mpaka litalimba. Ena amauyesa umphawi, koma dziko la Zimbabwe linalemba malamulo a kamangidwe ka mdindo mu 2001, ndipo pambuyo pake mayiko a SADC anawavomereza. Ku Australia ndi ku France kuli nyumba zapamwamba za mdindo, zina zakhala zaka zoposa 100.

Mdindo umalephera pamene anthu afulumira. Khoma likhale lochindikala phazi limodzi, amene ndi masentimita 30. Thirani dothi losapitirira masentimita 15 nthawi imodzi, ndipo musinje mpaka musi utayamba kulira mouma osasiyanso chizindikiro. Posuntha matabwa, onetsetsani kuti polumikizira pa mzere wapamwamba pasagwere pamodzimodzi ndi pa mzere wapansi, monga momwe timapingasira njerwa. Pangodya mizere ilowerane, chifukwa nyumba zambiri zimayamba kutseguka pangodya.

Njira yachiwiri ndi zidina, njerwa zouma ndi dzuwa. Pondani dothi ndi kulisiya ligone usiku umodzi kuti madzi alowerere. Ngati lili ndi dongo lambiri, sakanizani ndi mchenga ndi udzu wouma woduladula. Umbani pamalo osalala, phimbani ndi udzu masiku oyamba kuti zisaume mofulumira ndi kung'aluka, kenaka muziimike cham'mbali. Zisamangidwe zisanathe masabata atatu kapena anayi. Chidina chabwino chikaikidwa pa njerwa ziwiri ngati mlatho, munthu wamkulu akhoza kuimapo osathyoka. Musamange khoma lakunja la zidina mopyapyala pofuna kupulumutsa njerwa.

Njira yachitatu ndi njerwa za dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zotsindiridwa ndi makina, zimene amisiri amazitcha ma SSB. Makina oyamba apamanja a mtundu umenewu, otchedwa CINVA-Ram, anapangidwa ndi Raúl Ramírez ku Colombia m'zaka za m'ma 1950, ndipo safuna magetsi kapena mafuta. Dothi limasefedwa, limasakanizidwa ndi simenti likadali louma, kenaka limawazidwa madzi. Kuchuluka kwa simenti kumatsata kabokosi kaja. Mpata ukakhala wosapitirira sentimita imodzi ndi theka, ndowa imodzi ya simenti ikwanira ndowa 18 za dothi. Ukafika masentimita 3, ndowa 16. Ukafika 4 ndi theka, ndowa 14. Ukafika 6, ndowa 12. Sakanizani zokwanira kuumba mu ola limodzi lokha, chifukwa simenti ikanyowa siidikira.

Chinsinsi cha njerwa zimenezi ndi kuzisamala zikatuluka m'makina. Simenti imalimba ndi chinyezi, osati ndi dzuwa. Ziphimbeni ndi pepala la pulasitiki, muziziwaza madzi m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, ndipo muyambe kumangira patatha masiku 28. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limatulutsa njerwa pafupifupi 100 za masentimita 29 mulitali, 14 mulifupi ndi 9 msinkhu. Nyumba ya mamita 8 mulitali ndi 6 mulifupi, ya zipinda zitatu, imafuna njerwa zotere pafupifupi 3,000, kutanthauza matumba 30, kuphatikizapo ena a maziko ndi omangira. Popeza njerwazi ndi zosalala ndi zofanana, zimadya matope ochepa pomanga ndipo sizikakamiza pulasitala.

Makinawa ndi okwera mtengo kwa munthu mmodzi, koma mutu umodzi susenza denga. Kalabu ya alimi kapena gulu la banki m'khonde likhoza kugula amodzi ndi kumabwerekana kapena kubwereketsa. Anthu anayi kapena asanu ozolowera amaumba njerwa 300 kapena kuposerapo patsiku, kotero njerwa za nyumba imodzi zimatha m'masabata awiri.

Tisaiwale kuti simenti nayo imapangidwa pootcha miyala ndi moto waukulu, ndipo mafakitale a simenti amatulutsa pafupifupi magawo 7 kapena 8 pa 100 aliwonse a mpweya umene ukutenthetsa dziko lapansi. Mabuloko a simenti ndi mchenga amapulumutsa mitengo, koma amadya simenti yambiri ndi mchenga wa m'mitsinje. Nzeru ndi kuika simenti pamene ikufunikadi.

NSAPATO NDI CHIPEWA

Mdani wa khoma la dothi ndi madzi, ochokera pansi ndi ochokera kumwamba. Amisiri amati nyumba ya dothi imafuna nsapato zabwino ndi chipewa chachikulu. Ngati ndalama zili zochepa, ziyambe zapita ku ziwiri zimenezi.

Sankhani malo okwera, kutali ndi dambo, ndi njira ya madzi ndi chulu. Kumbani maziko mpaka mutapeza nthaka yolimba, osachepera mapazi awiri. Dera lino lili ndi mwayi wa miyala, makamaka kufupi ndi mapiri a Nkhoma ndi Bunda, ndipo maziko a miyala amaposa a njerwa zosapsa. Maziko atuluke pamwamba pa nthaka phazi limodzi, ndipo pamwamba pake yalani pepala lakuda la pulasitiki lochindikala musanayambe khoma. Pepala limeneli limaletsa chinyezi kukwera, chimene chimadya khoma m'munsi mpaka kuligwetsa. Maziko ooneka amathandizanso kuona msanga njira za chiswe ndi kuziphwanya. Kuzungulira nyumba ikani chiguwa chotsetserekera kunja ndi ngalande yotaya madzi kutali.

Denga lituluke kunja kwa khoma osachepera mapazi awiri mbali zonse, ndipo khonde likhale mbali imene mvula imawombera kawirikawiri pamudzi panu. Yang'anani makoma a anzanu kuti muone mbali imene yakokoloka. Pomata khoma la dothi musagwiritse ntchito pulasitala wa simenti yambiri. Amauma gwa, salumikizana ndi dothi, ndipo akang'aluka madzi amalowa kuseri n'kukhala momwemo. Matani ndi dothi losakaniza mchenga ndi laimu, kenaka pakani laimu woyera. Laimu amakumbidwa ndi kuotchedwa m'dziko mommuno, monga ku Chenkumbi m'boma la Balaka.

Pali chinanso chimene ambiri amachinyalanyaza. Dziko lathu lili m'chigwa chimene mumachitika zivomezi. Pa 10 Malichi 1989 chivomezi cha ku Salima chinagwedeza chigawo chapakati, chinapha anthu ndi kugwetsa nyumba zambiri, ndipo mu Disembala 2009 zinachitikanso ku Karonga. Zitachitika za ku Karonga boma linatulutsa malangizo a kamangidwe ka nyumba zolimba. Mfundo yaikulu ndi lamba wozungulira nyumba yonse pamwamba pa zitseko ndi mazenera, amene amisiri amamutcha ring beam. Akhoza kukhala wa konkire ya zitsulo, kapena wa matabwa olimba olumikizidwa bwino pangodya. Lamba ameneyu amamanga makoma onse kukhala thupi limodzi. Zitseko ndi mazenera zisayandikire ngodya kuposa mapazi awiri. Mitanda ya denga imangidwe ku lambayu ndi waya wolimba. Kusanjika miyala pamwamba pa malata sikuletsa mphepo, ndipo miyalayo ikagwa imavulaza anthu. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la mbali ziwiri.

NYUMBA YOZIZIRA MU OKUTOBALA, YOFUNDA MU JULAYI

Dera lino lili pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Mu Okutobala ndi Novembala masana kumatentha kufika madigiri 30 kapena kuposa, pamene mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, mphepo ya mwera ikuwomba. Nyumba yomangidwa mwanzeru imalimbana ndi zonse ziwiri popanda magetsi.

Choyamba ndi kuyang'anitsa nyumba koyenera, ndipo izi sizilira ndalama. Makoma aatali ayang'ane kumpoto ndi kummwera, aafupi kum'mawa ndi kumadzulo. Chifukwa chake ndi ichi. Kuno dzuwa limadutsa pamutu penipeni kumapeto kwa Okutobala ndi pakati pa Febuluwale, choncho nthawi yotentha makoma a kumpoto ndi kummwera amakhala pamthunzi wa denga. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limapendekera kumpoto. Pa nyumba imene denga latuluka mapazi awiri, mthunzi wa masana umatsika mapazi awiri ndi theka okha, ndipo khoma lonse lotsala pamodzi ndi mazenera a kumpoto zimaothera dzuwa nthawi imene tikulifuna. Dzuwa loopsa ndi la kumadzulo, lolowa chopingasa. Mbali imeneyo musaikeko zenera lalikulu kapena chipinda chogona ana. Ikaniko chipinda chosungira katundu, ndipo bzalani mitengo ya mthunzi patali mamita 5 kapena kuposa kuti mizu isafike ku maziko.

Chachiwiri ndi kuchindikala kwa khoma. Khoma la dothi la phazi limodzi limamwa kutentha pang'onopang'ono, ndipo kumatenga pafupifupi maola 8 kuti kufike m'kati. Masana m'nyumba mumakhala mozizira, ndipo usiku khoma limabweza kutentha kuja. Amene analowapo m'nyumba zakale za pa mishoni ya Nkhoma akudziwa ubwino wa makoma ochindikala, makhonde aakulu ndi denga lokwera.

Chachitatu ndi denga, pakuti kutentha kwambiri kumalowera pamwamba. Malata amatentha msanga ndi kuzizira msanga, ndipo m'mawa wa chisanu amadontha thukuta. Mankhwala ake ndi siling'i. Sikuti mpaka mugule ya kusitolo: mphasa, bango kapena nsungwi zong'alula zimagwira ntchito. Siyani mpata pakati pa siling'i ndi malata, ndipo boolani timazenera pamwamba pa makoma a m'mbali kuti mpweya wotentha uzituluka. Malata opakidwa penti yoyera amabweza dzuwa kuposa akuda kapena adzimbiri. Ku Burkina Faso, dziko lotentha kuposa lathu, Francis Kéré anamanga sukulu m'mudzi wa kwawo wa Gando mu 2001 ndi njerwa za dothi zotsindira, denga la malata atalikweza pamwamba pa siling'i kuti mphepo izidutsa. Mu 2022 iye analandira mphotho ya Pritzker, imene ndi yaikulu kwambiri kwa akatswiri olemba mapulani a nyumba.

Denga la udzu ndi lozizira kuposa onse, koma lifoleredwe mwaluso. Litsetsereke kwambiri, kukwera phazi limodzi pa phazi lililonse, kuti madzi asaime. Udzu umwetedwe utakhwima, mu Juni kapena Julayi moto wolusa usanayambe, upesedwe, umangidwe timitolo ndi kusokedwa mochindikala masentimita 20 kapena kuposa. Denga lotere limakhala zaka zoposa 10, kusiyana ndi longoyala limene limafuna kufolera chaka ndi chaka. Khitchini ikhale patali nalo chifukwa cha moto.

Chachinayi ndi mpweya. Chipinda chilichonse chikhale ndi zenera lotseguka, ndipo mazenera ayang'anane kuti mphepo izidutsa. Mabanja ena amatseka mazenera ndi njerwa poopa akuba ndi udzudzu, koma m'nyumba yotentha ndi yamdima anthu amakana kugona m'masikito. Tsekani mpata wa pakati pa khoma ndi denga, umene udzudzu wa malungo umakonda kulowera, ndipo pa mazenera ndi timazenera tonse khomani sefa wa waya. Kafukufuku wa ku Gambia amene anasindikizidwa mu 2009 anaonetsa kuti nyumba zotchingidwa ndi sefa zinkalowa udzudzu pafupifupi theka poyerekeza ndi zosatchinga. Izi sizilowa m'malo mwa masikito, koma zimathandizana nawo.

KHITCHINI, MADZI NDI KUWALA

Nyumba imadya nkhuni kamodzi pomangidwa, koma khitchini imadya tsiku ndi tsiku. Pa mafuwa atatu moto wambiri umathawira m'mbali. Chitetezo mbaula, youmbidwa ndi dongo, imapulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni, ndipo imayaka ndi tinthambi, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Mu 2013 boma linalonjeza kufalitsa mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni pofika 2020, ndipo magulu ambiri a amayi anaphunzira kuziumba. Khitchini ikhale ndi mazenera awiri oyang'anana ndi potulukira utsi pamwamba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2020 utsi wa m'nyumba unapha anthu oposa 3 miliyoni, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi amayi ndi ana a kumsana. Sungani nkhuni pouma, chifukwa zaziwisi zimafuka kwambiri ndi kutentha pang'ono.

Denga la malata ndi chitsime chimene ambiri amachitaya. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mulifupi imapereka lita imodzi. Nyumba ija ya mamita 8 ndi 6, m'chaka cha mvula ya mamilimita 800, imalandira malita 38,400, zimene ndi ndowa 1,920 za malita 20. Simungasunge onse, koma ngalande ya malata ndi thanki kapena migolo zimapumitsa amayi ulendo wa kumjigo dzinja lonse, ndiponso zimachotsa madzi amene akanakumba maziko. Tayani madzi a mvula yoyamba chifukwa amatsuka fumbi ndi zitosi, vindikirani thanki, ndipo madzi akumwa muwathire mankhwala kapena kuwawiritsa.

Mazenera okwanira ndi makoma opaka laimu m'kati amapereka kuwala kwaulere masana. Amene agula sola aiike moyang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono pafupifupi madigiri 15, pamalo opanda mthunzi, ndipo azipukuta fumbi nthawi ya chilimwe.

MITENGO YA NYUMBA IBZALIDWE LERO

Ngakhale nyumba ya dothi imafuna mitanda, mapaso, zitseko ndi mafelemu. Mlimi wanzeru amabzala denga la mwana wake mwanayo akadali ku pulayimale. Bulugamu amapereka milimo yowongoka m'zaka 5 mpaka 8 ndipo amaphukiranso akadulidwa, koma abzalidwe kutali ndi dimba, chitsime ndi mtsinje chifukwa amamwa madzi ambiri. Keshya ndi gilisidiya ndi za nkhuni, msangu ndi wa m'munda, mbawa ndi wa matabwa a zidzukulu. Nsungwi zimakula msanga kuposa zonsezi. Dulani zokhwima, za zaka zitatu kapena zinayi, nthawi ya chilimwe, ndipo muziviike m'madzi masabata atatu kapena anayi kuti zisafumbwe. Dzenje limene mwakumbamo dothi musalisiye. Bwezeranimo nthaka yapamwamba ija ndi manyowa, mubzalemo nthochi.

Ntchito yonseyi ili ndi nyengo yake. Mu Meyi ndi Juni yesani dothi, tutani miyala ndi kumweta udzu. Mu Juni ndi Julayi umbani ndi kumanga maziko. Mu Ogasiti ndi Seputembala kwezani makoma, ndipo denga likhale litatha pofika pakati pa Okutobala. Khoma la dothi lisapezedwe ndi mvula lili pamtetete. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma mbande zobzalidwa mu Disembala ndi Januwale ndi zimene zimagwira bwino.

Ngati ndalama za chaka chino sizikwanira zonse, musachepetse maziko, lamba kapena denga pofuna kuti nyumba ikule. Mangani zipinda ziwiri zolimba, musiye malo oonjezera chaka chamawa. Musanagule nkhuni za uvuni, khalani pansi ndi banja lanu ndi mmisiri, muwerengere mtengo wa nkhuni, ngolo zotutira, aganyu, njerwa zosweka ndi pulasitala, ndipo mufanizire ndi njira zimene tafotokozazi. Pa za mbande ndi mbaula funsani alangizi a zaulimi ndi a zankhalango a m'dera lanu, ndipo pa za kamangidwe pitani mukaone ndi maso nyumba imene mmisiriyo anamangapo kale, makamaka imene yapirira madzinja atatu kapena kuposa.